Ma part time a Geography aku Area 25, nkhani ya ma glacier yandigwira mtima

Ambiri mwakhala mukundifunsa za ma part time amene ndinamulembetsa mwana wanga wa Form 3 uja, ndiye lero ndati ndingolemba kamodzi. Malo ake ndi ku Area 25, mukatsika minibasi pa Nsungwi mumayenda pang'ono kulowa mkati, kukakhala matope bola kabaza. Ndi bambo mmodzi, amaphunzitsa Geography basi, Lachitatu madzulo ndi Loweruka m'mawa. Dzina sindilemba poti sindinawapemphe.

Mwana wangayu vuto lake linali kuloweza, manotsi amawadziwa mutu mpaka kumapeto koma ukamufunsa kuti chifukwa chani zili choncho amangokuyang'ana, ndipo zimandipweteka mtima chifukwa ndi mwana wolimbikira. Loweruka lina ndinafika msanga kudzamutenga, aphunzitsi anati mayi lowani mukhale kumbuyoko. Amaphunzira za kusintha kwa nyengo, ndiye mnyamata wina anakweza mkono nkuti Sir, ndinaona pa foni ayezi atagumuka nkukwirira mudzi wa Blatten ku Switzerland mu May 2025, akuti glacier, chimulu cha ayezi cha m'mapiri chija, imayenda, ayezi angayende bwanji poti ndi chinthu cholimba? Ine ndimaganiza kuti amuuza kuti khala pansi tikuthamangira silabasi. Anangoti sabata ya mawa aliyense asajombe. Nanenso ndinabweranso dala.

Anabwera ndi thireyi, phala lolimba bwino la mgaiwa, nyemba zouma ndi njerwa. Phala lija analithira kumtunda kwa thireyi, nkundandalika nyemba mzere wowongoka kudutsa pakati, kenako nkupendeketsa. Ana onse anaunjikana maso ali pomwepo, phala likutsetsereka pang'onopang'ono, mzere wa nyemba uja nkuyamba kupindika, zapakati zatsogola zam'mbali zatsalira. Anati glacier ndi mtsinje wa ayezi wa m'mapiri, ayezi akaunjikana mamita mazanamazana wapansi amafinyika ndi kulemera nkumayenda ngati phalali, m'mbali miyala imamugwira ndiye pakati ndi pamene pamathamanga. Zimenezi wasayansi wina dzina lake Louis Agassiz anaziona cha m'ma 1840 atakhoma zikhomo pa glacier ya Unteraar ku Switzerland. Ndipo liwiro lake si la Lingadzi ikadzadza ayi, glacier ya Aletsch imene ndi yaikulu kuposa zonse ku mapiri a Alps a ku Ulaya pamalo pothamanga imayenda pafupifupi mamita 200 pa chaka, kungoposa theka la mita pa tsiku.

Kenako njerwa. Pa thireyi youma yopendekeka inakhala phee, atathira madzi pansi pake inatereleka. Apa ndi pamene nyengo imalowerera. Kukayamba kutentha, kumeneko ndi cha mu May ndi June pamene ife tikufunafuna majuzi, ayezi wapamwamba amasungunuka, madzi aja amalowa m'ming'alu mpaka pansi penipeni pamene ayezi wakhudzana ndi thanthwe, ndiye akadzadza kusowa kotulukira amanyamula ayezi pang'ono ndipo glacier yonse imathamanga. Ngakhale tsiku limodzi lomwe zimasintha, dzuwa likawomba masana liwiro limakwera chakumadzulo, usiku nkutsika. Nthawi yawo yozizira, December mpaka February, madzi amachepa ndiye kuyenda kumakhala kwapang'onopang'ono.

Koma pamene ndinati ndalama yanga sikupita pachabe ndi apa. Anafunsa kuti nanga August, madzi osungunuka ali ambirimbiri, glacier ithamanga kwambiri eti? Ana onse eeee. Iwo anati ganizani za mvula yoyamba ya November kuno ku Lilongwe, ngalande zatsekeka ndi mchenga ndi mapepala, madzi amasefukira mumsewu ngakhale mvula yake ndi yochepa, koma ngalande zikatseguka mvula yaikulu ya January imangodutsa. Pansi pa glacier ndi chimodzimodzi, madzi aja pakapita masabata amadzibowolera mapanga akuluakulu mu ayezi, nkumatuluka mwamsanga osakhalanso ndi mphamvu yonyamula ayezi, ndiye glacier imabweza liwiro kunja kukadali kotentha. Mwana wanga ali m'minibasi pobwerera anandifotokozera zonsezi mwa iye yekha, manja akuyenda, opanda kope. Ndinagwetsa misozi pang'ono, sindinamumvepo akulankhula za sukulu chonchi.

Za zaka zambiri ananenanso zimene sindimayembekezera. Dziko likamatentha ma glacier ambiri a m'mapiri amaphwa, ndipo ayezi wopyapyala alibe kulemera kokwanira kudzikankha ndiye amayenda mochedwa kuposa kale, anationetsanso ndi phala lochepa lomwe linangomatirira pa thireyi. Ku Switzerland mu 2022 ndi 2023 mokha ayezi wa ma glacier anachepa ndi magawo 10 pa 100. Kilimanjaro apa pa Tanzania yataya ayezi woposa magawo 80 pa 100 kuchokera 1912. Wina anafunsa za Mulanje, anati Sapitwa ndi mamita 3,002, kumazizira ndithu koma sikokwanira kusunga ayezi chaka chonse. Palinso ma glacier ena amene amangodzidzimuka, Kutiah ya ku Pakistan mu 1953 inayenda makilomita 12 m'miyezi itatu yokha, koma izi anangodutsapo nthawi inali itatha.

Tsopano zofunika kukonza, poti sindingakunamizeni. Chipinda ndi chaching'ono, chamalata opanda siling'i, mu October ana amatuluka thukuta kamukamu ndipo zenera ndi limodzi. Mabenchi sakwana, wochedwa amalembera pa maondo. Lachitatu nthawi zina amayamba mochedwa chifukwa aphunzitsiwo amachokera ku ntchito ina, ndiye ana amaweruka kutada, kwa mwana wamkazi ine zimenezi sindimagona nazo tulo, ndinachita kupangana ndi wakabaza wodziwika kuti azimutenga pakhomo pomwepo. Magetsi akazima mavidiyo amaonera pa foni imodzi, akumbuyo saona kanthu. Mtengo ndi wokwererapo kuyerekeza ndi ma part time ena a m'dera lomwelo ndipo amafuna ya mwezi wonse poyambirira, koma risiti amapereka, homuweki amachonga yekhayekha ndi ndemanga zolembedwa pamanja, osati kungoika tiki.

Ndinawadandaulira za kuweruka usikuzo ndipo anandimvetsera bwinobwino, anati teremu ikubwerayi ayesa kusuntha kalasi ya Lachitatu ipite Lamlungu masana. Ngati mukufuna kumutumiza wanu, pitani kaye Loweruka mukakhale kumbuyo ngati mmene ndinachitira ine, amalola makolo, ndipo mwanayo azinyamula botolo la madzi akumwa ndi kufika isanakwane 8 koloko kuti apeze benchi.