Chloroquine wamadzi kapena mapiritsi a hydroxychloroquine kwa odwala lupus?

Malawi anasiya kuchiza malungo ndi chloroquine mu 1993, koma mankhwala awiriwa amathandizabe pa lupus komanso mtundu wina wa nyamakazi, matenda obwera chitetezo cha m'thupi chikamaukira thupi lomwelo.

Mlingo patsiku: chloroquine asapitirire 2.3 mg pa kilogalamu ya kulemera kwanu, hydroxychloroquine asapitirire 5 mg pa kilogalamu.

Maso: onse angawononge maso, koma chloroquine ndiye woopsa koposa. Kapimitseni maso poyamba, kenako chaka chilichonse mukamwa zaka 5.

Kusunga: m'kutentha kwa kuno ku Mangochi, botolo likhale pamthunzi. Onse abiseni ndithu, mwana atamwa wochepa chabe akhoza kufa.

Wamadzi ngwa mwana wosatha kumeza piritsi, moyezedwa ndi sirinji, osati supuni yodyera phala. Akuluakulu zimawakomera ndi hydroxychloroquine. Mlingo auike dokotala, ndipo musataye mtima msanga, kusintha kumaoneka patapita masabata kapena miyezi.