Za poloti ya ku Senga Bay ija, tamverani kaye zomwe ndaona kuno

Achimwene ndi nonse akunyumba ku Salima, ndalandila mafoto a poloti munanditumizila pa WhatsApp aja, malowo ngokongola zedi nyanja ikuchita kuoneka chapompo, koma ndalama sinditumiza pompano ayi, ndifotokoze kaye.

Kuno ku Cape Town mnzanga wina wakwathu komweko, telala, amafuna kuchita lendi galaja ya munthu kuti aikemo makina ake komanso kashopu kogulitsa tinthu ting'onoting'ono, landilodi anavomela bwinobwino mpaka kufuna dipoziti. Ndiye mwana wa abwana anga komwe ndimagwila ntchito ya mgadeni anati dikilani tione kaye zoning, kutanthauza zomwe khonsolo imalola kuchita pamalopo. Anatsegula mapu a khonsolo pa intaneti, amati City Map Viewer, ndi aulele bola ukhale ndi bandulo, umangolemba adilesi kapena nambala ya poloti yomwe kuno amati erf number basi malo aja amabwela ndi malile ake onse komanso chilembo chosonyeza kuti malowo ndi a chani. Pamenepo panatuluka SR1, ndiye kuti malo a nyumba yogonamo banja, shopu siungangotsegula pokhapokha upemphe chilolezo kukhonsolo ndipo aneba amafunsidwa ngati akuvomela, akakana nkhani imatha kuvuta. Landilodi uja zonsezi kaya amadziwa kaya ayi koma sanatchuleko olo pang'ono. Mnzangayo dipoziti yake inapulumuka choncho.

Chinandidabwitsa ine nchoti sizongoti nyumba kapena bizinesi ayi, malamulo a khonsolo ya kuno a 2015 amanenanso kutalika kwa nyumba, mamita oti usiye kuchokela pamalile, ngakhale kuti ungamange nyumba zingati pa poloti imodzi. Mapulani a nyumba amatumizanso pa intaneti pomwepo. Ukamanga mwakuba amakulipilitsa chindapusa, ena mpaka kuuzidwa kuti agwetse. Sindikuti kuno zonse zili mwadongosolo, pitani ku Dunoon kapena Masiphumelele mukaone tizisakasa tothinana pomwe ambiri a ife timagona, mapu aja kumeneko ali ndi zawo anthu ali ndi zawo. Koma munthu wofuna kugula amatha kuona yekha asanatulutse khobidi, osadalila pakamwa pa wogulitsa.

Nde kwathu tikudalila chani? Ajenti wanena, amfumu asayina kakalata, tapeleka ya nkhuku basi tayamba kuumba njerwa. Amfumu ndimawalemekeza, malile a makolo amawadziwa kuposa kompyuta ina iliyonse, koma sangakuuzeni ngati boma linakonza kuti pamenepo padzadutse msewu kapena ngati ndi malo a boma kapena ali ndi lizi ya munthu wina kale. Ndipo lamulo la Physical Planning Act la 2016 likukhudza dziko lonse la Malawi, sikuti ndi la ku Lilongwe ndi Blantyre kokha monga timaganizila ambiri.

Chinanso ndi madzi. Mukukumbuka 2024 nyanja itakwela momwe malo ogona alendo ndi nyumba za mphepete zinamilila, chaka chomwecho anzathu a ku Dwangwa ku Nkhotakota anathawa madzi osefukila. Mafoto mwanditumizilawa ajambulidwa nthawi yadzuwa, mchenga uli mbee, ine ndikufuna ndidziwe kuti mu Epulo madzi amafika pati.

Ndiye achimwene chonde Lolemba mukwele kabaza mupite kuboma, ku maofesi a khonsolo mukafunse a za malo ndi a mapulani, mutenge kalata ya amfumu ija ndi dzina la mudzi, afotokoze ngati pamenepo nkololedwa kumanga nyumba komanso tisiye mamita angati kuchokela kunyanja, ngati angalembe papepala ndi bwino kwambiri mundijambulile. Mufunsenso asodzi achikulile apafupi pompo, amenewo sangakunamizeni za madzi. Ajenti uja akamati pali wina wa ku Lilongwe akubwela ndi ndalama mawa musiyeni agulitse, ya transipoti ndi yafanta ndikutumizilani pa Airtel Money Lachisanu ndikalandila.