Samba ngati domain controller mu ofesi yaing'ono, ine ndakhutira nayo

Amene mumayang'anira makompyuta mu ofesi yaing'ono ndipo ndalama ya laisensi ya Windows Server ikukuvutani, pulogalamu ya Samba muiganizire ndithu ngati domain controller, seva yotsimikizira dzina ndi pasiwedi ya aliyense wolowa mu makompyuta a mu ofesi. Ndi yaulere, imayenda pa Linux, ndipo kuyambira pa vesheni 4.0 ya mu Disembala 2012 imagwira ntchito ya Active Directory, njira ya Microsoft yosungira ma akaunti a anthu ndi makompyuta pamalo amodzi. Kwathu kuno ili pa Linux ya Debian, pa kakompyuta kakale basi, koma malaputopu a Windows amalowa bwinobwino mu domain, gulu la makompyuta oyang'aniridwa ndi sevayo.

Nkhani yonse yagona pa DNS anzanga, yomwe ili ngati buku la mayina ndi ma adiresi a makompyuta pa netiweki. Kompyuta ikayaka siidziwa kuti seva ili pati, imayamba yafunsa DNS za ma SRV record (zolembedwa zonena kuti ntchito yakuti ili pa seva iti) a _ldap._tcp.dc._msdcs otsatana ndi dzina la domain yanu, ikapatsidwa mayina a maseva imatumiza kauthenga pa poti (khomo la pa netiweki) ya UDP 389 kuti ione ayankhe ndani, yomwe yayankhayo ndi imene imakambirana nayo za Kerberos, njira yotsimikizira kuti wolowayo ndi iyedi, pa poti 88, kenako mwini kompyutayo walowa. Ma record amenewa Samba imadzilembera yokha pomwe mukukhazikitsa domain ndi lamulo la samba-tool domain provision, apa ndiye inandisangalatsa zedi. Chimasokoneza ndi rauta ya intaneti ikamagawa ma IP (ma adiresi a pa netiweki) n'kuuza makompyuta kuti DNS ndi iyoyo kapena 8.8.8.8 ya Google. Facebook itsegula bwino koma seva sipezeka, poti Google domain yanu saidziwa. Mukakayikira lembani lamulo la nltest /dsgetdc: ndi dzina la domain pa kompyuta ya Windows, ikuuzani seva yomwe yapeza.

China ndi wotchi. Kerberos salola kusiyana kwa nthawi kopitirira mphindi 5 pakati pa seva ndi kompyuta, ndiye magetsi akazima, kabatire ka CMOS kosunga nthawi mu seva kali kakufa, seva imadzuka ndi deti lolakwika, mmawa ofesi yonse ili pakhomo panu kuti pasiwedi ikukana. Za nthawizi Samba sikukonzerani, muyike nokha chrony, pulogalamu yolondoloza wotchi, ndi UPS yomwe, batire yothandiza magetsi akazima.

Chomwe chimandiwawa ndi SYSVOL, foda yosunga ma Group Policy, malamulo oyendetsera makompyuta a mu domain. Mukawonjezera seva yachiwiri ma akaunti amakoperana okha koma foda ya ma Group Policy ayi, mpaka muchite kukonza pamanja rsync, pulogalamu yokopera mafayilo, ndipo papita zaka zambiri izi zili chonchobe. Zina zonse ndimayendetsa ndi RSAT, zida za Microsoft zoyang'anira seva muli pa kompyuta ina, ngati mmene zimakhalira pa Windows Server. Malaputopu opita ku fiudi amalowabe popanda netiweki chifukwa Windows imasunga ma logon 10 omaliza, bola munthuyo analowapo kale ali mu ofesi. Pogula malaputopu atsopano muwauze a ku ofesi ya zachuma kuti akhale a Windows Pro, Home salowa mu domain olo mutani.