Injini ya boti yogwirapo kale ntchito: two-stroke kapena four-stroke?

Kugombe ku Mangochi kapena ku Nkhotakota, injini yomwe mungaione kwambiri ndi two-stroke, ya oyilo wosakaniza mu petulo, monga Yamaha Enduro ya 15 HP (mphamvu ya mahatchi 15). Ndi yopepuka, munthu mmodzi amainyamula paphewa, ndipo amakaniko akunyanja amaidziwa mkati monse. Vuto lake ndi lakuti imamwa petulo wambiri, komanso moyo wake umadalira oyilo wosakaniza mu petulo. Ngati mwini wake ankaumira oyilo, pisitoni ndi silinda zinakalika kale, ngakhale kunja penti akuwala. Pogula, kokani chingwe cholizira injini isanatenthe. Chikamabwera mopepuka, mphamvu yapita. Masulaninso pulagi muone ngati yada ndi mwaye.

Four-stroke, yomwe oyilo wake amakhala payekha osasakaniza mu petulo, imasunga mafuta, siifuka utsi wambiri, ndiponso imalira mofatsa. Koma ndi yolemera, ndipo ikafuna zipangizo mukhoza kudikira nthawi yaitali boti lili pamchenga, usipa ukudutsa. Pa iyi yambani ndi kusolola kachitsulo koyezera oyilo. Oyilo akayera ngati tiyi wamkaka, madzi analowa, isiyeni.

Zonse ziwiri muzilize zili m'madzi. Kamadzi kotuluka kumbuyo kazithamanga mwamphamvu, chifukwa kakamangodontha ndiye kuti impela, yomwe imapopa madzi oziziritsa injini, yatha ndipo mwina injiniyo inatenthapo. Oyilo wa m'giya pafupi ndi pulopela mumuonenso.

Kwa msodzi wa chilimira wokhala kutali ndi tawuni, ine ndingatenge two-stroke, bola ndapita ndi makaniko wanga, osati wa wogulitsayo.