Ku Domwe n'kokoma, koma wa pa WhatsApp uja musamutumizire ndalama

Ndemanga iyi ndi yokhudza mnyamata uja amene amatsatsa maulendo a ku Cape Maclear m'magulu a pa WhatsApp, uja amalemba kuti zonse zili momwemo. Dzina sinditchula. Amene muli m'magulu amenewo mukumudziwa, ndipo mtengo wake mukuudziwanso. Ife tinalipira wonse pa Airtel Money tsiku lisanafike, osatsitsa ndi tambala yomwe, chifukwa anatiuza kuti malo atsala ochepa pa tchuthi cha pa 6 July. Zimene analonjeza ndi izi: boti lopita ndi kubwera ku chilumba cha Domwe, matenti, chakudya ndi wophika wake, majekete oyandamitsa munthu m'madzi, magalasi osambira oonera nsomba, ndi ndalama yolowera mu paki, poti chilumbachi chili mu Lake Malawi National Park. Yomalizayi ndinamufunsa kawiri, mauthenga ndikadali nawo. Anayankha kuti, "Bwana musadandaule, za paki ndamaliza kale."

Tinali ine, mayi a kunyumba, ana athu, alamu anga ndi apongozi anga aakazi. Ulendowu kwenikweni unali wa apongoziwo. Akhala moyo wawo wonse ku Thyolo, nyanja ankangoionera pa TV, ndiye tinati chaka chino akaione ndi maso.

Msewu wochokera ku Blantyre kudzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi mukuudziwa, palibe chachilendo. Tinakhota musanafike ku Monkey Bay n'kukwera timapiri tija, anyani ali m'mbali mwa msewu, mpaka m'mudzi wa Chembe. Mnyamatayo tinamupeza pagombe ali ndi magalasi akuda, akulankhula pa foni ziwiri. Boti lomwe linayenera kunyamuka m'mawa linanyamuka dzuwa litapendeka, ati mafuta anachedwa. Majekete anali atatu okha, tinaveka ana ndi agogo awo. Wophika sanaoneke. M'malo mwake tinapatsidwa jumbo ya mpunga, tomato, kabotolo ka mafuta ndi nkhuku imodzi, n'kutiuza kuti wophika atipeza ndi boti la mawa. Iye mwini sanakwere, anati ali ndi alendo ena ochokera ku Lilongwe. Zonsezi ndinazimeza, sindinafune kuyambitsa phokoso pamaso pa apongozi.

Chimene chandilembetsa ndi cha m'mawa mwake.

Tinali titamwa tiyi, ana ali m'madzi osaya pafupi ndi miyala, apongozi atakhala pa chitenje pamchenga, mapazi ali m'madzi. Kunabwera boti la alonda a paki, anthu atatu ovala yunifomu. Anatipatsa moni mwaulemu, anagwada pang'ono popatsa moni amayi, kenako wamkulu wawo anati, "Bwana, tione nawo malisiti olowera mu paki." Ine ndi mtima wonse ndinatulutsa foni n'kumuonetsa uthenga uja. Anawerenga, n'kundibwezera foni, n'kunena kuti, "Uwu ndi uthenga, bwana. Ife timafuna lisiti la boma." Ndinati dikirani ndimuimbire. Netiweki pachilumbapo imagwira pamalo amodzi, pamwamba pa mwala wina kuseri kwa khitchini, ndiye ndinakwera pamenepo ndi kabudula wanga wonyowa. Nambala yoyamba inali yothima. Yachiwiri inaitana mpaka kuduka. Ndinaimbanso, inaitana kamodzi n'kudulidwa. Pa WhatsApp ankaoneka kuti ali pa intaneti. Ndinalemba, mizere iwiri ija inasanduka ya buluu, yankho ayi. Pansipo onse ankandiyang'ana: alonda, ana atatuluka m'madzi, alamu anga akudziyesa kuti akukonza chingwe cha tenti, ndi azungu awiri amene anafika pa kayaki (kabwato kopalasa) usiku wake, amene malisiti awo anali atawatulutsa kale m'kapepala ka pulasitiki.

Nditatsika, apongozi anga anali atamasula mfundo ya pa chitenje. Anatulutsa ndalama zawo zopindapinda, zija amasunga za ku mpingo, n'kuuza mwana wawo motsitsa mawu kuti, "Apatseni abambo ŵa awonjezere, tisachititse manyazi." Ine mkamwini, amene ndinawanyamula ku Thyolo ndikudzitama kuti zonse ndalipira. Sindinazilandire ndalamazo, koma kungoti anafika pomasula mfundo ija, mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbuka. Ndinalipira ndekha za anthu onse, za masiku onse, kachiwiri. Ndalama imene ndinasunga ya mafuta a galimoto pobwerera ndi imene inapita, moti ku Mangochi alamu anga ndi amene anathira mafuta.

Alondawo alibe mlandu, ndipo ndinene poyera kuti anagwira ntchito yawo bwino. Sanakweze mawu, sanapemphe ya fanta, analemba malisiti pomwepo aliyense lakelake. Mtengo wa Amalawi ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa alendo akunja, ndiye zinandipwetekanso kuona kuti munthu anandinamiza pa ndalama yochepa chonchi. Wamkulu uja ataona kuti nkhope yanga yagwa anakhala nafe pang'ono. Anafotokozera ana kuti zilumba zonsezi, Domwe, Mumbo, Thumbi, mpaka za Maleri kufupi ndi Salima, zili mu Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuteteza nsomba, ndipo mu 1984 UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Anatiuzanso kuti madzi a mamita 100 kuchokera pagombe la chilumba ndi a paki, saloleza kuwedza kapena kuponya ukonde. Apa alamu anga anabisa msanga mbedza zawo pansi pa thaulo. Mnyamata wathu uja anali atawauza kuti pa Domwe munthu amawedza mmene wafunira.

Mnyamatayo anaimba yekha madzulo. Sanapepese. Anayamba ndi kuseka, ati, "Aaa bwana, alonda amenewo ndi anzanga, mukanangowauza dzina langa." Ndinamuuza kuti dzina lake ndinalitchula ndipo palibe anamudziwa. Anasintha, ati ndalama anapatsa mnyamata wake kuti akalipire ku geti, mwina anaiwala. Nditafunsa za wophika, foni inaduka. Wophikayo sanabwere mpaka tinachoka. Mayi a kunyumba ndi amene anaphika masiku onse, pa ulendo umene anayenera kupumula.

Matenti ake: awiri anali abwino, lachitatu zipi inali yakufa ndipo zikhomo zinali zoperewera, tinachita kumangirira zingwe ku miyala. Magalasi osambira anabweretsa awiri, amodzi ankalowa madzi. Zoti adzatitengera ku Otter Point ndi ku manda a amishonale a Livingstonia amene anafika pamalowa mu 1875, zinathera m'mauthenga.

Ndiye ndinakhala tsiku lonselo ndikulemba ndemanga iyi m'mutu, ya nyenyezi imodzi, ndi mawu ena amene pano ndawachotsa. Koma ndikanama ndikanati ulendo wonse unali woipa.

Anthu ogwira ntchito pa kampu ya pachilumbapo, amene sagwirizana ndi mnyamatayu m'njira iliyonse, anatithandiza ngati abale. Anatibwereka mapoto ndi zikhomo za tenti, anatilangiza kuti chakudya tisasiye panja chifukwa cha anyani ndi nguluwe zimene zimayenda usiku. Kampuyo ndi yodziphikira wekha, magetsi a ESCOM kulibe, kusamba ndi kwa ndowa yopachika m'mwamba, chimbudzi ndi chija chosagwiritsa madzi, koma paukhondo sindinapeze chodandaula. Pa Domwe palibe mudzi, palibe golosale, palibe wogulitsa mayunitsi. Chimene waiwala ku Chembe waiwala basi. Mchere tinachita kupempha.

Ndipo pali a madala amene ankayendetsa boti. Poyamba ndinkawaona ngati a gulu lomwelo la mnyamata uja ndipo sindinkawayankha bwino. Ndinadzamva pambuyo pake kuti nawonso anangopatsidwa ndalama ya mafuta, ya ntchito yawo anauzidwa kuti adzalandira alendo akabwerera. Ngakhale zinali choncho, anabwera tsiku lachiwiri masana popanda wowatuma, n'kutitenga kuzungulira mbali ina ya chilumba mpaka ku Ilala Gap, kampata kopapatiza kamene kamalekanitsa Domwe ndi mtunda. Anagula usipa pang'ono kwa asodzi, anaimba likhweru, n'kuponya nsomba imodzi pamadzi. Nkhwazi inachoka mu mtengo pamwamba pa phiri, inatsika mapiko ali tambasu, n'kuitola ndi zikhadabo pafupi penipeni ndi boti, madzi mpaka kutithovukira. Apongozi anakuwa kuti "Mayo!" kenako anaseka mpaka misozi. Nkhwazi ankaidziwa ya pa ndalama ndi pa chizindikiro cha boma.

Pamiyala ina anazimitsa injini n'kuuza ana kuti avale magalasi aja mosinthana. Ine ndinalowanso. Nsomba za mbuna zimene timaziona pa zithunzi zija zilipodi, ndipo sizithawa munthu. Zabuluu zowala, zachikasu, zamizeremizere yakuda, zina zikudya ndere pamwala mutu uli pansi, zina zikuthamangitsana pa kamalo kake. A madala anatola kamwala n'kuloza pansi pamene nsomba ina inali itaima, tiana tambirimbiri tikuyandama pafupi ndi kamwa pake. Mwana wanga wamkulu atayandikira, tiana tonse tija tinalowa m'kamwa mwa make. Anatuluka m'madzi akukuwa kuti nsomba yadya ana ake, a madala n'kumuuza kuti ayi, mbuna imalerera ana m'kamwa, ikaona kuti kwadekha iwalavula. Mwanayo nkhani imeneyi waifotokoza kale kwa anthu onse a pa mzere wathu ku Chilobwe. Usiku nyali za asodzi a usipa zinadzaza nyanja kutali uko, apongozi n'kufunsa kuti kodi tauni imeneyo ndi iti.

Tsiku lobwerera ndi pamene ndinawalemekeza kwambiri bambo amenewa. Mwera unayamba usiku, ndipo amene mumadziwa nyanja mukudziwa kuti miyezi ya June, July ndi August mphepo imeneyi siseka ndi munthu. Tenti ya zipi yakufa ija inkangopupuma usiku wonse. M'mawa ine ndinkafuna tinyamuke msanga chifukwa Blantyre ndi kutali. A madala anafika mochedwa, atanyowa thupi lonse, n'kukana kutinyamula. Ndinawaumiriza, ndinawauza kuti mawa ndi ntchito. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, majekete ndi atatu, anthu ndinu ambiri, ndipo pali amayi ŵa. Ine sindinyamuka. Ntchito mukaipeza." Anakhala pansi pa mtengo n'kuyamba kusoka ukonde wa munthu wina umene unali m'boti. Tinadikira mpaka mafunde atatsika. Ngakhale pamenepo anatiwolotsa maulendo awiri, woyamba ana ndi agogo awo ndi mayi awo, wachiwiri ife amuna ndi katundu, akudutsa m'mbali mwa chilumba mmene mphepo simafika kwambiri. Mafuta a ulendo wachiwiriwo anali a m'thumba mwawo. Titafika ku Chembe ndinawapatsa kangachepe kamene kanatsala, ndipo mnyamata wa magalasi akuda uja pagombe panalibe.

Choncho nyenyezi ndipereka zitatu, ndipo pa zitatuzo palibe ya mnyamatayo. Amene mukufuna kupita, pitani, koma lankhulani mwachindunji ndi a kampu, ndalama ya paki mukalipire nokha ku ofesi ya paki kumapeto kwa mudzi n'kusunga lisiti pouma. Majekete muwawerenge boti lisanachoke pamchenga. Tengani tochi, madzi akumwa okwanira ndi juzi, chifukwa mu July usiku kumazizira kuposa mmene munthu angaganizire za ku Mangochi. Za likodzo musazitenge mwachibwana: madzi a m'mbali mwa Chembe amadziwika nalo, ndiye ife tonse tikayezetsa ndi kumwa praziquantel pakapita milungu ingapo monga anatilangizira a chipatala.

Za ndalama zanga, ndamulembera mnyamatayo kangapo ndi zithunzi za malisiti. Anatumiza kachigawo kochepa kosakwana ndi theka lomwe, n'kulemba kuti zotsalazo Lachisanu. Lachisanu limenelo lapita, lina lapitanso. Nditalemba m'gulu la pa WhatsApp, anthu awiri anandiyankha kumbali kuti nawonso anawachita zomwezo pa Isitala, mmodzi mpaka anagona ku Chembe chifukwa boti silinabwere n'komwe. A madala aja ndinawaimbira dzulo kuwafunsa ngati analandira ndalama yawo. Anati sanalandire.