America kapena Britain: kofunsira malo a Masters ya chithandizo cha kalankhulidwe

Ntchito yake ndi imodzimodzi: kuthandiza mwana wachibwibwi, mwana wochedwa kuyankhula, kapena wamkulu amene sitiroko yamulanda mawu ndi kumusiya akuvutika kumeza. Zipata zolowera ndiye zimasiyana, ndipo muyenera kusankha musanayambe kuvutitsa aphunzitsi anu akale kuti akulembereni makalata a umboni.

Ku America mumafunika Masters yovomerezedwa ndi CAA, nthambi yovomereza maphunziro ya ASHA, bungwe la akatswiri a ntchitoyi ku America. Mayunivesite ambiri amalandira mafomu kudzera pa CSDCAS, tsamba limodzi la pa intaneti lofunsirapo malo, choncho mapepala onse mumaika pamodzi, ngakhale sukulu iliyonse mumailipirira payokha. Pamene ambiri amapunthwa ndi pa maphunziro oyambirira. ASHA imafuna kuti mukhale mutaphunzirapo bayoloje, fizikisi kapena kemisitile, statistics, ndi sayansi ya khalidwe la anthu. Sukulu zambiri zimawonjezerapo phonetics, kapangidwe ka ziwalo zoyankhulira ndi momwe ana amaphunzirira chinenero. Ngati digiri yanu yoyamba inali ya zina, mudzatha chaka mukutseka mipata imeneyi, apo ayi mulowe pulogalamu ya zaka 3. Mukalowa, muyenera kukwanitsa maola 400: 25 oonerera, 375 ogwira ntchito ndi odwala. Kenako pali mayeso a ntchitoyi otchedwa Praxis, ndi Clinical Fellowship, nthawi yoyamba kugwira ntchito ya masabata osachepera 36, maola 1,260, pansi pa wokuyang'anirani (chotonthoza n'choti apa mwayamba kulandira malipiro). Chiphaso cha ukatswiri cha ASHA, chotchedwa CCC-SLP, chimabwera pambuyo pa zonsezi, ndipo laisensi imaperekedwa ndi state imene mukagwireko ntchito.

Ku Britain msewu ndi waufupi. Masters ya zaka 2, monga ya ku University College London (UCL), Sheffield, Reading kapena Newcastle, anaikonzera anthu amene anaphunzira zina, ambiri a psychology ndi linguistics. Mukamaliza mumalembetsa ku HCPC, bungwe loyang'anira ntchito zosiyanasiyana za umoyo, n'kuyamba ntchito, kwinaku mukukwaniritsa zimene RCSLT, bungwe la akatswiri a ntchitoyi ku Britain, imafuna kwa ongoyamba kumene. Kufupikako kuli ndi mtengo wake: zimene anzanu a digiri yoyamba amaphunzira zaka 3 kapena 4 inu mumazipanikiza mu zaka 2, pamodzi ndi kupita ku zipatala ndi masukulu. Ganyu wapambali muiwaliretu.

Ndiye pali Chingelezi. Kwa amene si chinenero chawo chobadwa nacho, HCPC imafuna 8.0 pa mayeso a Chingelezi a IELTS, popanda gawo lotsika pa 7.5, pamene pa ntchito zina za pansi pake imakhutira ndi 7.0. Mayunivesite amaika mpanda wawo pafupi pomwepo. Lembani mayesowa musanatumize fomu iliyonse. Ndalama za £5,000 pachaka za NHS Learning Support Fund, thumba lothandiza ophunzira ntchito za umoyo, musaziwerengere ngati mukuchokera kunja.

Kwa wobwera ndi digiri ya zina ndipo Chingelezi chake n'chakupsa, ine ndingaloze ku Britain: chaka chotseka mipata chija palibe. Koma ngati mtima uli pokagwira ntchito ku America, kaphunzireni komweko. Mgwirizano wa ASHA, RCSLT ndi mabungwe ena wovomerezerana ziphaso ulipo, koma umathandiza amene ali kale membala wovomerezeka mokwanira kumene anaphunzira, ndipo laisensi ya state mudzakaifunsirabe panokha.