Chikuku chamagetsi pa zitunda za Mzuzu: dzinja ndi chisanu zitadutsa

Nditangolandira chikuku chamagetsi chaka chatha ndinalemba zinthu zitatu: kuti chimakwera chitunda cha kwathu ku Mchengautuwa popanda wondikankha, kuti mapewa anga apumako, komanso kuti amene angakwanitse agule. Ena munati ndidzanenenso chikadzalawa mvula ya kuno. Chailawa, chadutsanso m'chisanu cha June ndi July ndi fumbi la October. Ziwiri zoyambazo sizinasinthe. Pa chachitatucho ndikuwonjezera mawu: wogula awerengeretu mtengo wa mabatire, chifukwa chikuku mumagula kamodzi koma mabatire mudzagulabe mpaka kalekale.

Kwa amene simukundidziwa, miyendo yanga inafooka ndi poliyo ndili mwana. Zaka zambiri ndinkayenda pa njinga ya matayala atatu yopalasa ndi manja, ya mtundu umene amapanga a Malawi Against Physical Disabilities, omwe ambirife timangoti a MAP. Mapewa atayamba kukana, mlongo wanga wa ku Johannesburg ananditumizira chikuku chogwirapo kale ntchito. Chili ndi mamota awiri kumatayala akumbuyo, chimathamanga makilomita 6 pa ola mukachitsegulira liwiro lonse, ndipo chimalemera kupitirira makilogalamu 80 ndisanakhalepo. Ndimapita nacho m'tauni komwe ndili ndi kabenchi kotumizira ndi kulandirira ndalama za pafoni.

Chitsulo chake ndi mpando ndilibe nazo mawu, zalimba. Nkhani yaikulu ili pansi pa mpandowo.

Pansipo pali mabatire awiri a 12 volts olumikizidwa kuti apereke 24 volts, lililonse la 50Ah, a mtundu wa gel, omata osathira madzi. Miyezi yoyamba ndinkapita kuntchito n'kubwerako timagetsi toonetsa mphamvu ya batire ta pa joystick, kandodo kowongolera chikuku, tikadali tobiriwira. Pofika July tinkafika pofiira ndili pakati pa chitunda chomaliza. Mabatirewo anabwera atagwirapo kale ntchito, n'zoona, koma Mzuzu nawo unawonjezera. Batire la mtovu ngati amenewa likazizidwa limapereka mphamvu yochepa, ndipo m'mawa wa kuno, pamtunda wa mamita oposa 1,200, mukuudziwa. Chitunda ndi matope zimakoka moto wambiri kusiyana ndi msewu wosalala umene opanga amayeserapo makilomita olembedwa m'buku. Koma chimene chimapha batire msanga ndi kuligoneka losadzaza. Likakhala choncho masiku angapo, pa mapuleti a m'kati pamauma zinthu zoyera zosasungunukanso ngakhale mutchaje motani, ndipo batire limayamba kusunga moto wochepa kufikira litatheratu.

Ndiye lamulo ndi kutchaja usiku uliwonse chikuku chikayenda, ngakhale mwangofika nacho pa msika wapafupi, mpaka getsi la pa tchaja lisanduke lobiriwira. Yanga ndi ya 24 volts, 8 amps, ndipo mabatire akatsika kwambiri imafuna maola 8 kapena kuposerapo. Apa m'pamene kuzimazima kwa magetsi kumapweteka munthu wa chikuku kuposa wa TV. Akazima pakati pa usiku, tchaja imasiyira panjira, m'mawa n'kunyamuka ndi theka. Masiku ano tchaja ndimayenda nayo m'chikwama. Pali golosale yoyandikana ndi benchi yanga pomwe ndimalumikiza masana, ine n'kumathandizako pa mayunitsi. Kunyumba ndinaika fridge guard pa soketi, chifukwa magetsi pobwerera nthawi zina amabwera ndi ukali, ndipo tchaja yoteroyo simungaipeze pa msika wa Taifa. Amene mukuganiza za sola, werengani kaye: mabatire awiriwa akadzaza amasunga pafupifupi 1,200Wh, ndipo tchaja imakoka mawatsi 250 kapena chapompo. Kasola kowunikira m'nyumba ndi kutchajira foni sikangathe. Pamafunika batire lalikulu la m'nyumba ndi inverter (chosandutsa moto wa batire kukhala ngati wa pa soketi) ya mtundu wa pure sine wave, zotchipa zija zimatenthetsa tchaja.

Timagetsi ta pa joystick musamatikhulupirire chikuku chitaima. Batire lotopa likapuma pang'ono limaoneka ngati lodzaza. Muzitiyang'ana muli pachitunda.

Nthawi yosintha itakwana, makaniko wa zamagetsi a galimoto amene amandithandiza anati, "Madala, bwanji tingoikamo a galimoto awiri? Ndi 12 volts yomweyo, mtengo theka." Amanena mwachifundo, koma ndinakana. Batire la galimoto analipangira kupereka moto wambiri kwa masekondi ochepa polizitsa injini, kenako galimoto n'kulidzazanso. Mapuleti ake ndi opyapyala, ndipo mukamalitsitsa tsiku ndi tsiku limafa m'miyezi yochepa. La madzi limadontha asidi chikuku chikapendekeka, komanso limatulutsa mpweya woyaka potchaja, pomwe chikukucho chimagona m'nyumba momwe tikugona anthu. Chofunika ndi batire la deep cycle, lopangidwira kutsitsidwa ndi kudzazidwa tsiku ndi tsiku, la mtundu wa gel kapena AGM. M'mashopu a sola mumapezeka, vuto ndi kukula: ambiri ndi a 100Ah, salowa m'bokosi la chikuku. Pitani ndi muyeso wa bokosi komanso chithunzi cha pomangira mawaya. Sinthani onse awiri limodzi, amtundu umodzi, chifukwa lakale limakoka latsopano n'kulikalambitsa. A lithium ndi opepuka ndipo amakhalitsa, koma amafuna tchaja yawoyawo. Osangowaponya m'chikuku chopangidwira mtovu.

Mtengo sindilemba, ungakusokonezeni, pakuti umasintha musanafike kushopu. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochoka kunja chinauluka. Mabatire osamalidwa bwino amakhala chaka chimodzi mpaka ziwiri, choncho ine ndimaponya kangachepe mwezi ndi mwezi ku banki m'khonde, ndalama imeneyo ndi ya mabatire basi.

Tsopano za ngozi. Ambiri amaopa kugundidwa ndi galimoto, koma chimene ndimaopa kwambiri ine ndi tizitsulo tiwiri tachikasu ta kumbuyo kwa mamota. Mukatitsitsa, mota imalekana ndi tayala kuti munthu akankhe chikuku ndi manja. Chimene anthu sadziwa n'chakuti mabuleki ali m'mota momwemo. Mukasiya joystick amagwira okha, koma tizitsulo timeneti tikatsitsidwa, mabuleki palibenso.

Tsiku lina masana dzuwa likuswa mtengo, chikuku chinangoima pakati pa chitunda. Chimatero chikatentha: chimachepetsa mphamvu, kapena kabatani koteteza mawaya kamadumpha. Anyamata awiri a kabaza anasiya njinga zawo n'kuthamangira. "Adada, tikukankheni!" Wina anali atagwada kale kumbuyo, dzanja lili pa kachitsulo. Ndinakuwa, "Achimwene, chonde musakhudze pamenepo!" Anadabwa, mwinanso anakhumudwa. Ndinawafotokozera kuti ine ndi chikuku pamodzi tikupitirira makilogalamu 150, ndipo akamasula, awiriwo sangatigwire, titsetsereka chammbuyo mpaka mu ngalande. Ndinazimitsa, tinacheza mphindi zochepa, mmodzi anandidinira kabatani kaja pa bokosi la mabatire, chikuku n'kunyamuka. Kuyambira pamenepo aliyense wa kunyumba ndinamuphunzitsa: tizitsulo timeneti timatsitsidwa pamalo athyathyathya pokha, wina atagwira zogwirira, ndipo timakwezedwanso ndisanasiyidwe ndekha. Mwana wa mlongo wanga amachita kuloweza, "Amalume, pachitunda ayi."

Potsika mtsetse ndimachepetsa liwiro kufika pa 1 kapena 2, ndimamanga lamba wa m'chiuno, ndipo ndimatsika molunjika. Kudula chitunda chammbali ndiko kumagwetsa, makamaka dothi likanyowa. Osazimitsa chikuku chikuyenda pofuna kuima. Chimaima mwadzidzidzi n'kukuponyani kutsogolo. Ingosiyani joystick. Mabuku a zikuku zambiri zoterezi amalola chitunda cha madigiri 6 mpaka 10, ndipo kanjira kokwerera pakhomo kamayenera kutalika masentimita 120 pa masentimita 10 alionse okwera. Pakhomo panga mmisiri anatsatira muyeso umenewu ngakhale ankadandaula simenti. M'tauni muno timanjira tambiri tokwerera m'mashopu ndi m'maofesi anatimanga ngati n'tokwezera wilibala ya mchenga, totsetsereka mwakuti ndimangoitana wa m'kati atuluke. Lamulo la anthu olumala lilipo, la 2024 limene linalowa m'malo mwa la 2012 n'kusintha MACOHA, bungwe la boma loona za anthu olumala, kukhala MACODA, ndipo nkhani yoti nyumba za anthu onse zizifikirika ilimo. Omanga akadamafunsako ife okwerafe asanathire simenti.

Timatayala tiwiri tating'ono ta kumbuyo timakola pokwera m'mphepete mwa tala, matayala akuluakulu n'kumazungulira m'malere. Anthu angapo andiuza kuti ndingotichotsa. Sindingayerekeze. Ndi timeneto timene timaletsa chikuku kugwa chagada pachitunda.

Mvula ya ku Mzuzu siidziwa kuleka, imafika mpaka April ngakhale May, ndipo mawawa ake amanyowetsa kuposa yamkuntho chifukwa munthu umaiderera. Chikuku chimapirira kuwazidwa pang'ono, osati kumizidwa. Joystick ndimaiveka kajumbo koonekera m'kati, kumanga ndi mphira. Madzi oyenda sindiwoloka, ngakhale aoneke osaya, poti mamota ali pansi penipeni. Ndikafika ndi matope a katondo sindithira madzi ndi ndowa kapena paipi. Ndimapala ndi kamtengo, kupukuta ndi kansalu konyowa, n'kuchisiya chiume ndisanalumikize tchaja. Bokosi lowongolera la changa ndi la mtundu wa VR2, ndipo limanena lokha chimene chavuta kudzera mu timagetsi ta batire tija tikamaphethira. Kakaphethira kagetsi kamodzi ndiye kuti batire latsika kapena waya wake wakhwepa. Tisanu ndi kamodzi, tchaja ikadali yolumikiza, chikuku sichiyenda dala. Tisanu ndi tiwiri, vuto lili pa joystick, kawirikawiri mwayatsa mutaikankha. Tisanu ndi tinayi, yang'anani mabuleki, mwina wina wasiya kachitsulo kachikasu pansi. Kudziwa zimenezi kwandipulumutsa kwa amisiri ofuna kutsegula bokosi ndi sikuludiraiva.

Loweruka lililonse timachiyang'ana ndi mwana uja. Matayala a kutsogolo amakulunga ulusi wa masaka ndi tsitsi la mesh lotayidwa m'misewu, ndipo chikuku chimayamba kukokera mbali imodzi. Timamasula ndi Allen key n'kuchotsa. Timamanga mabawuti amene mabampu akhwefula, kuona ngati mawaya sanakhulike, ndi kupaka Vaseline pang'ono pomangira mabatire kuti pasachite dzimbiri. Pogwira pamenepo vulani mphete ndi wotchi, sipanala isagunde mitu iwiri nthawi imodzi. Tayala lakumbuyo likaphwa, omata matayala a njinga amamata bwinobwino, koma auzeni atulutse mpweya wonse asanamasule mabawuti a limu, chifukwa limu yake ndi ya zigawo ziwiri, imatha kuthawa n'kuvulaza munthu.

Pamsewu ndine wamfupi, oyendetsa sandiona msanga, makamaka m'mawa wa nkhungu. Ndinamangirira kambendera pa kandodo kumbuyo, chovala chonyezimira pa mpando, ndi tinyali ta njinga. Usiku ndimapewa. Ulendo wa ku Nkhata Bay kapena ku Karonga chikukuchi chimatsala, sichilowa mu Sienta kapena minibasi. Chimafuna pikapu ndi amuna anayi, ndipo munthu sukhala m'chikukumo kumbuyo kwa pikapu. Pa maulendo otero ndimabwereka chopinda, ndipo njinga yanga yakale yopalasa sindinagulitse. Ndi imene inandisunga pantchito masabata amene ndinkasaka mabatire.

Chinthu chimene sindinachione chikubwera ndi thupi. Popeza sinditopanso, ndimakhala pampando nthawi yaitali, ndipo mimba yayamba kutsogola. A fiziyo ku Mzuzu Central Hospital anandilangiza za khushoni yoyenera komanso kuti ndizipendekera kutsogolo ndi m'mbali pafupipafupi kuti magazi ayende. Ife a poliyo khungu limamva, likapweteka timasuntha. Anzathu ovulala msana samva, chilonda chimayamba osadziwa, ndipo chikakula chimagoneka munthu miyezi. Iwo aziyang'ana khungu madzulo alionse, ndi kalilole kapena wachibale.

Komanso muzizimitsa mukaima, ndi pochoka kapena pokhala pampando. Pa benchi yanga mwana wa kasitomala anagwira joystick amayi ake akuwerenga ndalama. Chikanakhala choyaka, benchi ikanapita ndi mafoni omwe. Mkono wa jekete kapena chitenje zimachitanso chimodzimodzi.

Amene muli ndi m'bale kunja wofuna kukutumizirani, muuzeni zinthu izi asanalipire: tchaja ibwere limodzi ndipo ikhale yolandira 230 volts, popeza zina za ku America ndi za 110; buku lake libwere; afunse zaka za mabatire; asankhe cha matayala akuluakulu kumbuyo, osati timatayala ta m'nyumba; ndipo mpando ukhale wa muyeso wanu. Ngati kwanu kulibe magetsi kapena njira yake ndi ya mchenga ndi miyala, njinga yopalasa ikutumikirani bwino kuposa ichi. Changachi mota yakumanzere yayamba kulira mosiyana ndi inzake pachitunda. Makaniko akuti ndi mabulashi a kaboni atha, ndipo tatumiza muyeso wake ku Johannesburg kuti abwere pa basi mvula isanayambe.